Masiku asanu m'minda ya mpesa ya ku Beaujolais

Lachiwiri usiku, Lyon

Chikwama ndalongedza kale. Mawa ndikwera sitima yolowera kumpoto, ku mapiri a Beaujolais, ndipo chandinyamutsa ndi kabotolo kamene kanali patebulo madzulo ano. Ndakhala mu Lyon muno, mzinda wa ku France, chaka ndi miyezi ingapo. Anzanga a kusukulu akanditengera ku timalesitilanti takale timene amati bouchon, vinyo amabwera m'kabotolo kopanda dzina, kokhuthala kunsi, kolowa masentilita 46. Amakatchula kuti pot. Vinyo wake ndi wofiira koma wowala, moti ukaika chala kuseri kwa tambula umachiona, ndipo amabwera ali wozizirira.

Ine vinyo wofiira amene ndinkamudziwa ndi uja wakuda bii wa ku South Africa amene amapezeka pamaukwati kwathu, woti ukangomwa theka la tambula mutu wayamba kulemera. Uyu ayi. Amatsika mofewa, n'kusiya kuwawasa pang'ono m'mbali mwa lilime, kenako umangopezeka ukufuna chakudya. Lero ndamwera soseji yophikidwa m'kati mwa buledi, ndi tchizi chofewa chosakaniza ndi adyo ndi timasamba.

Anthu a kuno amati mzinda wawo uli ndi mitsinje itatu, Rhône, Saône ndi Beaujolais. Iwiriyo ndimaiwoloka tsiku ndi tsiku. Wachitatuwo ndi vinyo ameneyu, ndipo ndikufuna ndikaone kumene amachokera, ino nyengo yokolola ya mwezi wa Seputembala. Ndisabise, mtima ukugunda. Ndikupita ndekha, Chifalansa changa n'choyenda ndi ndodo, ndipo sindinagonepo kumudzi m'dziko lino.

Lachitatu, Belleville mpaka phiri la Brouilly

Tikiti pa siteshoni ya Part-Dieu inali ya mayuro pafupifupi 10, ndipo njinga imene ndabwereka kwa mnzanga yakwera ulere. Njanji imatsata mtsinje wa Saône. Kudzanja lamanja kunali chigwa chathyathyathya chodzaza chimanga, chimene kuno ambiri amadyetsa ziweto, ndipo ndinachiyang'ana nthawi yaitali ngati mbale wanga. Kumanzere mapiri anayamba kutukuka. Patatha mphindi 40 kapena kuchepera ndinatsika pa Belleville.

Kuchoka pamenepo pali njira ya njinga imene anaipaka phula pamene kale panali njanji yopita ku Beaujeu, tauni yakale imene inapatsa dera lonseli dzina. Njirayo ndi yabwino, yopanda galimoto. Mavuto anayamba nditapatuka pafupi ndi Cercié n'kuloza phiri la Brouilly. Phirili ndi la mamita 484 okha, laimirira palokha ngati chulu chachikulu, koma njinga ndinaikankha pafupifupi njira yonse, thukuta lili kamukamu.

Ndinalakwitsa nthawi. Ndinafika pakamudzi kena itangopitirira 12:30, malo ogulitsa buledi atatseka, ndipo papepala la pachitseko analemba kuti atsegula 3:30. Madzi anali atandithera. Ndinakhala pamthunzi wa khoma osadziwa chochita. Mayi wina wachikulire amene ankathirira maluwa anandiyang'ana kawiri, kenako anandikodola. Ndinati, “Pepani mayi, mungandigawireko madzi?” Anatenga botolo langa, n'kubwerera litadzaza, pamodzi ndi matimati atatu a m'dimba mwawo, chidutswa cha buledi ndi mchere wokulunga papepala. Ndalama anakana. Anangoti ndisakwere phiri dzuwa lili paliwombo, ndidikire kaye. Ndinawamvera.

Pamwamba pali katchalitchi kotchedwa Notre-Dame-aux-Raisins, kutanthauza Mayi Maria wa mphesa. Alimi anakamaliza mu 1857, patapita zaka zimene nthenda yoyeretsa masamba ngati ufa inawononga minda yawo. Ndinakhala pakhomo pake ndikuganiza za anthu amene ananyamula miyala kukwera phiri limeneli chifukwa cha mantha a njala. Mantha amenewo ndimawadziwa.

Miyala ya paphirili ndi yobiriwira motuwira, yolimba kwambiri. Vinyo wa m'mbali mwa phiri amatchedwa Côte de Brouilly, wa m'munsi mozungulira ndi Brouilly basi. Nditatsika ndinalawa onse awiri pamalo ena olawitsira. Wa m'munsi anali wofewa, wonunkhira mastroberi ngati aja amagulitsa anyamata paphiri la Zomba. Wa m'mbali mwa phiri anali wouma pang'ono, wokhala ngati wamchere kumapeto. Mtundu wa mphesa ndi umodzi, Gamay, ndipo minda yake ikuonana. Ndinafunsa kawiri ngati sanasakanize kanthu kena. Mnyamata wolawitsayo anangoloza pansi.

Ndafika ku Villié-Morgon kukuda. Chipinda m'nyumba ya alimi ena, mayuro 65 pamodzi ndi chakudya cha m'mawa. Miyendo ikunjenjemera.

Lachinayi, Villié-Morgon

Ndinadzuka ndi phokoso la thirakitala 7 koloko isanakwane. Eni nyumba ali pakati pokolola, ndipo atandiona ndaima pakhonde anandiuza kuti ndikhoza kuwatsatira kumunda ndikaone. Mundawo uli m'mbali mwa chitunda chotchuka cha Côte du Py, chimene pamwamba pake pali mtengo umodzi waukulu umene umaonekera kutali.

Choyamba kundidabwitsa chinali kufupika kwa mipesa. Ine ndinkaganiza za mpesa woyanga pamawaya. Kuno mipesa yakale imaima payokha, yopanda waya, yofika m'mawondo, thunthu lopindikapindika, nthambi zitatambasuka ngati zala za dzanja lopempha. Kadulidwe kameneka amakatchula kuti gobelet. Imabzalidwa mothinana, mpaka pafupifupi 10,000 pa hekitala, moti makina okolola sangadutsemo. Dothi lake ukalifumbata ndi miyala yoswekasweka yokhayokha. Mlimi wa kwathu atapatsidwa munda wotere angakane.

Okolola analipo anthu oposa 20, ophunzira a ku yunivesite, anthu ochokera ku mayiko ena a ku Ulaya, ndi achikulire awiri a m'mudzi momwemo. Aliyense ndi kasizasi kake ndi ndowa yake. Ndowa ikadzaza amakhuthulira m'dengu lalikulu limene wina wabereka kumsana, ndipo iye amayenda chokwera kukathira mu ngolo. Nditaona dengulo m'maso munadzaza misozi. Amayi anga anathyola tiyi ku Thyolo zaka zambiri, dengu kumsana, ndipo kayendedwe ka munthu wobereka katundu pamalo otsetsereka n'kamodzi kulikonse.

Bambo mwini munda anandibwereka kasizasi kwa kanthawi. “Mudule phava lonse, musalifinye, lovunda mutaye,” anatero. Patatha ola limodzi msana unali utayaka moto. Sungaimirire, sungakhale pansi, umangoyenda chowerama kapena chogwada. Zala zinamata ndi shuga, mavu akuzungulira. Anzangawo amachita zimenezi tsiku lonse, kwa sabata kapena kuposa.

Cha m'ma 9:30 anaika chakudya kumbuyo kwa ngolo: buledi, soseji youma, tchizi, chokoleti, khofi ndi vinyo wa chaka chatha. Panalibe wondifunsa kuti ndine yani asanandipatse mpeni.

Madzulo ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake phava liyenera kufika lathunthu. Kuno ambiri saphwanya mphesa asanaziike m'thanki. Amazithira momwemo ndi mapesi ake omwe. Za pansi zimaphwanyika ndi kulemera kwa zinzake, madzi ake n'kuyamba kuwira, ndipo mpweya wa carbon dioxide umene ukutuluka umadzaza thanki yonse. Mphesa za pamwamba, zimene sizinasweke, zimasowa mpweya wabwino ndipo zimayamba kusasa m'kati mwa khungu lawo lomwe. Bambo aja anandipatsa imodzi yochokera m'thanki ya masiku asanu. Kunja inali mphesa wamba. Nditailuma inathetheka palilime ngati chakumwa cha gasi.

Apa ndi pamene pachokera kupepuka kuja. Utoto ndi khambi la vinyo wofiira zimachokera m'makungu ndi m'njere. Khambi ndikunena lija limauma m'kamwa ukaluma nthochi yosapsa, kapena ukamwa tiyi amene wakhalitsa m'ketulo. Gamay ali ndi khungu lopyapyala ndi madzi oyera, ndipo akakhala m'thanki masiku ochepa osaponderezedwa, khambilo limatuluka lochepa, fungo la chipatso n'kutsala lonse. Kenako amafinya. Madzi oyamba kutuluka m'chofinyira, otsekemera, ongoyamba kumene kuwira, amawatchula kuti paradis. Anandithirira m'katambula. Anandikumbutsa thobwa la tsiku lachiwiri, lija layamba kuluma koma likadali lokoma, kungoti ili linali lofiirira ndipo linkanunkhira matcheri. Anandichenjeza kuti ndisabwereze kawiri, limatsegula m'mimba.

Pachakudya chamadzulo nkhani inafika pa Beaujolais Nouveau, vinyo wa chaka chomwecho amene amatulutsidwa Lachinayi lachitatu la mwezi wa Novembala. M'zaka za m'ma 1980 anatchuka dziko lonse, mpaka ku Japan, ndipo ndalama zinalowa. Koma mayi a m'nyumbamo anati kutchukako kunawapweteka. Anthu anathamangira kuchulukitsa, vinyo wambiri ankanunkhira nthochi ndi maswiti, ndipo ogula anayamba kuganiza kuti Beaujolais yense ndi wotero. Nthawi yomweyo m'mudzi uno munali alimi ochepa amene anamvera Jules Chauvet, katswiri wa sayansi ya vinyo wa ku La Chapelle-de-Guinchay, n'kubwerera ku ulimi wopanda mankhwala ophera udzu, kukolola mphesa zitapsa bwino, ndi kuchepetsa kwambiri salufa m'vinyo. Wodziwika kwambiri anali Marcel Lapierre, amene anamwalira mu 2010, pamodzi ndi Jean Foillard, Guy Breton ndi Jean-Paul Thévenet. Lero mabotolo awo amafunidwa ku Paris, London ndi New York.

Morgon amene tinamwa usikuwo anali wa zaka zinayi. Wakuda kuposa wa dzulo, wonunkhira matcheri akupsa ndi dothi limene langonyowa ndi mvula yoyamba. Komabe sanali wolemera. Ndinagona zenera lili pululu, fungo la mphesa zowira likulowa.

Lachisanu, Chiroubles ndi Fleurie

M'mawa kunali mbee. Kum'mawa, kutali kwambiri kuseri kwa chigwa, kunaoneka nsonga yoyera ngati mtambo wosasuntha. Mayi a m'nyumba anati ndi phiri la Mont Blanc, ndipo sanasangalale. “Likaoneka chonchi ndiye kuti mvula ili pafupi. Mwanawe, utenge chovala cha mvula.” Anandilongedzera buledi, tchizi cha mbuzi ndi mapichesi ang'onoang'ono ofiira m'kati amene amamera m'mphepete mwa minda ya mpesa.

Kuchoka ku Villié-Morgon kupita ku Chiroubles ndi makilomita ochepa, koma onse ndi okwera. Mwa madera khumi amene vinyo wake amaloledwa kudziwika ndi dzina la dera lokha, Chiroubles ndiye ali pamwamba kwambiri, minda ina kupitirira mamita 400. Dothi lake ndi mchenga wofiirira wochokera ku mwala wa granite umene wafumbutuka. Mvula ikagwa yambiri mchengawo umatsetsereka, ndipo kale alimi ankaunyamula kuubwezera kumtunda. Ndinaima kanayi kupuma. Kachitatu ndinaganiza zobwerera.

Pabwalo la mudziwo pali chipilala cha Victor Pulliat. M'zaka za m'ma 1870 tizilombo totchedwa phylloxera, tochokera ku America, tinafika kuno n'kumadya mizu ya mipesa mpaka minda yathunthu kuuma. Pulliat, munthu wa m'mudzi uno, ndi mmodzi mwa amene analimbikira kuti njira yake ndi kumezanitsa: muzu wa mpesa wa ku America, umene tizilomboto sitiupha, pamwamba n'kulumikizapo Gamay. Ambiri anakana poyamba. Lero pafupifupi mpesa uliwonse umene ndauona sabata ino ndi womezanitsa chotero, monga timachitira ndi mango ndi malalanje kwathu.

Vinyo wa ku Chiroubles ndi amene ndinkamufuna osadziwa. M'tambula ndi wofiira ngati madzi a chidede osungunula. Fungo lake ndi la maluwa ndi timabulosi tofiira, ndipo m'kamwa amadutsa mozizira, mowawasa bwino, khambi longokhudza. Ukameza pamatsala kakomedwe kena kouma ngati ka mwala, kamene kamakhala nthawi yaitali kuposa m'mene umayembekezera. Ndamva anthu ena akuyamikira vinyo wa kuno pokhapokha akafanana ndi wa ku Bourgogne, dera la kumpoto kwa kuno, wolemera ndi wosungika zaka zambiri. Ine sindikugwirizana nawo. Mu 1395 Philippe le Hardi, wolamulira wa Bourgogne, analamula kuti Gamay azulidwe m'dera lake ponena kuti ndi mbewu yoipa ndi yosakhulupirika. Mbewuyo inadzapeza kwawo pamapiri a granite ano, ndipo sindikuona chifukwa choifunira kuti izikoma ngati ya kumene inathamangitsidwa. Ndinagula botolo limodzi, mayuro 11.

Mvula inandipeza ndikutsikira ku Fleurie cha m'ma 3 koloko. Kumadzulo kunada mwadzidzidzi, mphepo inatembenuza masamba a mipesa, kenako bingu. Ndinali pamtunda poyera, ndi njinga yachitsulo, ndipo ndinaopa kwambiri. Ndinaona kanyumba kamiyala pakati pa munda, kaja amati cadole, kamene alimi amasungiramo zida ndi kubisalamo. Nditafika ndinapeza muli kale bambo wina ndi anyamata awiri okolola. Anasendera osanena kanthu, mmodzi n'kukokera njinga yanga pansi pa denga.

Bamboyo sanakhale pansi. Anaima pakhomo, dzanja lili kunja, akumvetsera. Ndinazindikira kuti sakuopa mvula, akuopa matalala. Anandiuza kuti mu 2016 ndi mu 2017 matalala anagwa kuno zaka ziwiri zotsatizana, ndipo ena anataya pafupifupi zokolola zonse m'mphindi zochepa. Theka la munda wawo linali lisanakololedwe. Tinakhala chete mphindi ngati 20, madzi akuyenda ofiira m'mizere. Timatalala tingapo tinagunda padenga, ting'onoting'ono ngati nandolo, ndipo ndinaona nsagwada zawo zikulimba. Kenako timatalalato tinasiya. Inatsala mvula yokha. Anapuma mwamphamvu, n'kutulutsa fulasiki ya khofi, kapu imodzi tonse anayi. Ine ndinatulutsa mapichesi aja.

Ndafika ku Fleurie nditanyowa mpaka m'nsapato. Katchalitchi ka La Madone kali pamwamba pa chitunda, koma mphamvu zokwerera kumeneko ndinalibe. Ndadya nkhuku yophikidwa mu vinyo ndi tambula imodzi ya Fleurie, wofewa ngati nsalu yochapidwa kambiri, wonenepa pang'ono kuposa wa masana. Zonse mayuro 24. Nsapato ndaziika nyuzipepala m'kati.

Loweruka, Romanèche-Thorins

Lero njira inali yotsika, ndipo miyendo inathokoza. Ndinadutsa pa chigayo chakale choyendera mphepo chimene chinapatsa dzina vinyo wa Moulin-à-Vent. Sichigayanso, changoima pakati pa minda. Vinyo wake ndiye wamphamvu kuposa onse amene ndalawa, khambi lomveka, woti usunge zaka. Ndi wabwino, koma mtima wanga unatsala ku Chiroubles.

Mu Romanèche-Thorins muli malo aakulu oonetsera mbiri ya vinyo amene anakhazikitsa wamalonda a vinyo wotchuka Georges Duboeuf, pafupi ndi siteshoni. Sindinalowe. Chimene chinandigwira ndi nkhani ya Benoît Raclet, amene anali ndi minda ya mpesa kuno m'zaka za m'ma 1800. Mbozi zinkawononga mipesa, ndipo iye anapeza kuti kuthira madzi otentha pathunthu nyengo yozizira kumapha tizilomboto tisanadzuke. Anthu anamuseka ali moyo, njira yake n'kudzaitengera pambuyo pake, ndipo mpaka pano mudziwu umachita chikondwerero chomukumbukira chaka chilichonse. Ndinayesa kuwerengera m'mutu: mipesa masauzande pa hekitala, uliwonse ndi ketulo yake ya madzi owira, m'chisanu.

Sitima ya ku Lyon ndinaidikira ola ndi theka. M'chikwama muli mabotolo awiri okulunga m'malaya, Chiroubles ndi Morgon wa eni nyumba aja, ndipo m'zikhadabo mukadali utoto wa mphesa. Ndili pabenchi ndinaimbira amayi pa WhatsApp. Za vinyo sanafunse n'komwe, iwo samwa. Anafuna kudziwa za okolola.

“Amawalipira pa kilo kapena pa tsiku?”

“Amene ndinakumana nawo ndi pa ola, amayi. Ndipo amawapatsa chakudya ndi pogona.”

“Nanga dengulo n'lansungwi?”

“Ayi, ndi lapulasitiki. Malamba ake ndi aakulu, ofewa pamapewa.”

Anakhala chete pang'ono. Kumbuyo kwawo ndinkamva tambala ndi wailesi.

“Ndiye bola,” anatero. “Wadya koma?”